Fumbi la pa Njanji ya ku Nacala

Ku Phalombe kulibe njanji. Munthu wa ku Migowi kapena ku Chiringa akafuna kuona sitima yapamtunda, ulendo wake ndi wa ku Luchenza kapena ku Limbe, apo ayi azungulire nyanja ya Chilwa mpaka akatulukire ku Nayuchi m'boma la Machinga. N'chifukwa chake alendo akalowa kwanga n'kupeza kasitima kali pa thabwa, mabogi ake atatchingidwa ndi zitsulo ndi matumba a mchenga, tiasilikali titasuzumira pamwamba, amayamba afunsa ngati n'ka ana. Ndikawauza kuti n'kanga ndipo ndinakapanga ndekha, funso lachiwiri limakhala loti ndinakadetseranji chotere. Penti ndinali nayo, ndinalekeranji kukapaka kuti kawale?

Funso limenelo sindikhumudwa nalo, chifukwa pa zonse zimene ndinachita pa kasitimaka, kudetsako ndiko kunali ntchito yeniyeni.

Ku Ulaya, ku America ndi ku South Africa kuli anthu akuluakulu, ena a imvi mbuu, amene amasonkhana kumapeto kwa sabata kuzungulira thebulo lalikulu. Pa thebulopo amayalapo timapiri, timitsinje, timitengo ndi tinyumba, n'kumayendetsapo tiasilikali, tiakasinja ndi tisitima potsata malamulo olembedwa. Mtunda amayeza ndi tepi, ndipo zoti chipolopolo chagunda kapena chaphonya amaweruza ndi madayisi. Masewerowa sanayambe ngati macheza. Mu 1824 msilikali wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu ake masewero a pa mapu otchedwa Kriegsspiel, ndipo gulu lankhondo la dzikolo linawatenga kukhala njira yosulira atsogoleri a asilikali. Amene anathandiza kwambiri kuwalowetsa m'nyumba za anthu wamba ndi mlembi wa ku England, H. G. Wells, yemwe mu 1913 anasindikiza buku la malamulo lotchedwa Little Wars. Wells ankakhulupirira kuti munthu akalawa nkhondo ya zidole, azindikira kupanda nzeru kwa nkhondo yeniyeni. Chaka chotsatiracho nkhondo yoyamba ya dziko lonse inabuka, ndipo inadzatola ngakhale makolo athu kuno ku Nyasaland, ena kukagwira mfuti, ambiri kukasenza katundu.

Chilichonse cha pa thebulo chimachepetsedwa ndi muyezo umodzi. Wanga ndi 1:72, ndiye kuti masentimita 72 a chinthu chenicheni asanduke sentimita imodzi. Munthu wotalika mamita 1.7 amatsala wa mamilimita 24 osakwanira. Njanji za kuno ndi za ku Mozambique, zomwe zimatalikirana mamilimita 1,067, pa thabwa langa zatalikirana mamilimita 15.

Pa zida zonse zimene anthu a masewerowa amapanga, sitima zankhondo zili ndi ozikonda akeake. Nkhani yake yotchuka inachitika konkuno kummwera kwa Africa. Pa 15 November 1899, pa nkhondo ya Angerezi ndi Mabunu, sitima yotchingidwa ndi zitsulo inanyamuka ku Estcourt ku Natal kukazonda adani chakumpoto. Pobwerera, pakati pa Chieveley ndi Frere, inapeza Mabunu atatseka njanji ndi miyala. Mabogi anagwa, ndipo pa anthu ogwidwa tsikulo panali mtolankhani wa zaka 24, Winston Churchill. Pa nkhondo yapachiweniweni ya ku Russia, imene inatsatira kusintha kwa boma kwa 1917, sitima zotere zinachuluka kwambiri, moti Leon Trotsky ankayendera magulu ake ankhondo ali m'sitima yakeyake. Pa 1 September 1939, tsiku loyamba la nkhondo yachiwiri, sitima ya ku Poland yotchedwa Śmiały inathandiza kubweza akasinja a Germany pa Mokra.

Koma sitima yankhondo ili ndi chilema chobadwa nacho: ilibe njira ina. Kasinja akaona choopsa amapatuka, msilikali wapansi amagona m'ngalande, pamene sitima imapita kumene njanji yapita, ndipo mdani amakudziwa kumeneko kusanache. Anthu awiri okhala ndi sipanala usiku angathe kuimitsa chinthu cholemera matani mazanamazana. Ichi ndicho chifukwa chake oyendetsa sitima zotere ankakankha mabogi opanda anthu kutsogolo kwa injini, ena atanyamula njanji zapadera ndi zida zokonzera, kuti bomba lokwirira liyambe kudya amenewo.

Zonsezi ndinadzaziwerenga nditakula. Paubwana ndinkangopinda mawaya, monga mwana aliyense wa kuno: galimoto ya matayala a zitini za polishi, chiwongolero chake chachitali chofika pamchombo. Nthawi imeneyo Phalombe inali mbali ya boma la Mulanje, inadzaima payokha mu 1998. Chakumapeto kwa 1986 a Renamo, amene anthu ankawatcha a Matsanga, atalanda tauni ya Milange ku Mozambique, anthu anakhamukira kuno, ena ku Muloza, ena ku Chiringa, ena m'makomo mwa abale awo. Ambiri anali Alomwe anzathu, olankhula zomwe agogo athu ankalankhula. Ana awo anadzalowa m'masewero athu, ndipo mpamene tinaona kusiyana. Ife tinkapinda mabasi ndi malole a fodya. Iwo ankapinda mahelikoputa ndi mfuti, zolondola mpaka kupindika kwa chosungira zipolopolo. Tinkawasirira, tinkawapempha kuti atiphunzitse, ndipo palibe mmodzi wa ife anafunsa kuti anazionera pafupi bwanji zinthu zimenezo.

Nkhondo ya ku Mozambique yomweyo inali itatsamwitsa dziko lathu pakhosi. Katundu wa Malawi ankadutsa pa njanji ziwiri, ya ku Beira kudzera pa mlatho wa Dona Ana, ndi ya ku Nacala, imene inalumikizidwa mu 1970 kuchokera pa Nkaya kudzera ku Nayuchi. Pofika 1984 njira zonse ziwiri zinali zitatsekeka, ndipo fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kuyenda pa malole mpaka ku Durban, pamene doko la Nacala lili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 800 kuchokera ku Blantyre. Ubale wa boma la Malawi ndi la Mozambique nawo unali pa moto. Mu September 1986 Samora Machel, Robert Mugabe ndi Kenneth Kaunda anabwera ku Blantyre kudzakumana ndi Kamuzu Banda, akudandaula kuti a Renamo akupeza pothawira ndi thandizo m'dziko muno. Pa 19 October chaka chomwecho Machel anafa pa ngozi ya ndege ku Mbuzini. Mu December maiko awiriwa anasainirana mgwirizano wa chitetezo, ndipo kuyambira 1987 asilikali a Malawi anaoloka malire kukalondera njanji ya ku Nacala ndi anthu oikonza. Ena sanabwereko. Nkhondoyo inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome pa 4 October 1992, othawa kwawo okhala m'Malawi atafika cha m'ma miliyoni imodzi.

Atsibweni anga anali m'gulu limene linapita. Anabwerako amoyo, anapuma ntchito, ndipo lero amalima nandolo ndi mpendadzuwa m'tsinde mwa Michesi. Za kumeneko sankakamba. Ukawafunsa kuti ku Mozambique kunali bwanji, ankati kunali ntchito, n'kutembenuzira nkhani ku mtengo wa nandolo. Amayi anatiletsa kuwaumiriza, ndipo banja lonse linazolowera kuzungulira nkhaniyo osaiponda.

Tisitima ta pa thebulo ndinakationera ku Johannesburg, kumene ndinakagwirako ntchito monga amachitira anyamata ambiri a kuno. M'sitolo ina ya zinthu zoterezi munali kasitima ka nkhondo yachiwiri, koikidwa m'galasi. Kukula kwake sikunandidabwitse, popeza kupanga tinthu tating'ono tinayamba kalekale. Chinandigwira mtima ndi kutha kwake. Penti inali itakalika m'makona, dzimbiri litatsetsereka kuchokera pa misomali, mwaye utakhala padenga, ndipo maso ankavomereza kuti chinthuchi n'cholemera ndipo chayenda mtunda wautali, pamene chinali cha pulasitiki chopepuka. Mtengo wa bokosi limodzi unali wosayandikirika. Ndinagula mabulashi ang'onoang'ono, timabotolo ta penti ndi thumba la tiasilikali tosapenta, ndipo ndili m'basi yobwerera ndinali nditatsimikiza kale kuti sindidzapanga sitima ya Ajeremani kapena ya ku Russia. Sitima yankhondo tinali nayo yathu, ndipo munthu amene anaikwera ankakhala mudzi woyandikana ndi wathu.

Kuumba thupi lake sikunandivute. Zitini za zakumwa zikadulidwa n'kuwongoledwa zimakhala zitsulo zotchingira. Timitengo ta machesi timakhala mapilo ogonekapo njanji. Misomali ya m'mbali mwa bogi ndi timadontho ta guluu wa matabwa, toikidwa ndi nsonga ya singano, kamodzikamodzi, mpaka khosi kuuma. Matumba a mchenga ndinasoka ndi pepala la timatumba ta tiyi. Maonekedwe a mabogi ndi a injini za dizilo a nthawi imeneyo amapezeka pa zithunzi za pa intaneti. Chimene zithunzi sizikanandiuza ndi litsiro lake: linali la mtundu wanji, linkakhala pati, linkachokera kuti.

Choncho tsiku lina ndinanyamula bogi limodzi lopaka penti yapansi yokha, n'kukawapeza atsibweni akusola chimanga pakhonde. Sindinatchule nkhondo.

"Atsibweni, fumbi la pa njanji ija linali lofiira kapena lakuda?"

Analandira bogilo, nalitembenuza kangapo pa chikhato.

"Zitengera pamene uli, mphwanga. Ukangodutsa pa Nayuchi kulowa Entre Lagos, n'kudambo, pakati pa Chilwa ndi Chiuta. Thope lake ndi ngati lomweli la kwathu kuno. Kufiira kumayamba kutsogolo."

Tsiku limenelo chimanga chinatsala m'dengu. Anandiuza za Cuamba, za Malema, za mapiri a mwala wokhawokha oimirira m'mbali mwa njanji, okongola koma oti msilikali sawakonda chifukwa aliyense wokhala pamwamba pake amakuona iwe usanamuone. Anandiuza kuti sitima inkayenda pang'onopang'ono moti munthu ankatha kutsika n'kuyenda pambali pake, ndipo kuti pena ankapeza njanji itazulidwa n'kugwetsedwera kumbali, udzu utamera pamene inali. Ine ndinkangofunsa za mitundu. Matumba a mchenga anali otani? Atsopano anali achikasu, koma dzuwa linkawayeretsa, ndipo apansi ankada ndi chinyezi n'kuphulika m'misoko. Nanga zitsulo zotchingira zinali zopentedwa? Zina, koma pamene anaotcherera pankayamba dzimbiri sabata yomweyo. Nanga pansi pa bogi? Apa anaseka, n'kunena kuti ndisaiwale chizindikiro chakuda chozungulira pakona, pamene ankaika mbaula yophikira, ndi waya womangidwa kuchoka mbali ina kufika ina woyanikapo masokosi.

Munthu ukamufunsa kuti nkhondo inali bwanji, wamusenzetsa mtolo wonse nthawi imodzi, ndipo ali ndi ufulu woukana. Ukamufunsa mtundu wa fumbi, wamupempha kanthu kamene angathe kukapereka osadzivulaza, ndipo zotsalazo amasankha yekha ngati azitulutse. Sindinakonze zimenezi ngati nzeru yowanyengerera. Ndinkafunadi kudziwa mtundu wa fumbilo, ndipo ndikhulupirira kuti anayankha chifukwa anaona kuti ndikufunadi.

Kupenta kwenikweni kumayenda m'magawo, ndipo gawo lililonse liyenera kuuma lisanabwere linzake. Pansi penipeni ndimapaka mtundu wa dzimbiri lakale, wakuda mofiirira. Kenaka ndimanyowetsa m'makona ndi m'mphepete, n'kuwazapo timibulu ta mchere. Mcherewo ukagwira ndimapopera penti yapamwamba, ndipo ikauma ndimaukokolola ndi mswachi wakale. Pamene panali mchere pamatsala timabala toonetsa dzimbiri la pansi, tosafanana kukula, monga mmene penti imakalikira pa chitsulo chenicheni. Ena amagwiritsa ntchito mankhwala opopera tsitsi m'malo mwa mchere, ena kachidutswa ka siponji. Pambuyo pake pamabwera penti yakuda yosungunulidwa kwambiri, yamadzimadzi, imene imathamangira yokha m'ming'alu ndi kuzungulira misomali, n'kusiyamo mthunzi. Ndiyeno bulashi youma: umaiviika m'penti yowala, n'kuipukuta pa nsanza mpaka ioneke ngati yatha, n'kumaisesetsa pamwamba mopepuka kuti igwire nsonga ndi m'mphepete mokha.

Pali chinthu china chimene maso a munthu wa ku Phalombe amachidziwa kale. Michesi ukaliyang'ana uli ku Migowi limaoneka lotuwa mobiriwira, ngati lakutidwa ndi utsi, koma ukafika m'tsinde mwake miyala ndi mitengo zimabwerera mitundu yake. Mpweya wa pakati umasukulutsa mtundu. Kasitima ka 1:72 kakakhala mita imodzi kuchokera pamaso pako, kakuimira sitima imene ili pa mamita 72, choncho mitundu yake iyenera kukhala yosuluka pang'ono. Ukapaka wakuda weniweni kapena wobiriwira wolimba, kamaoneka chidole.

Dzimbiri nalo lili ndi misinkhu. Latsopano limakhala lachikasu mofiirira ndipo limayenda ndi madzi, n'chifukwa chake limatsika mizeremizere kuchokera pa msomali kapena pa bala. Lakale limada n'kukhala phee. Mizereyo ndimaipanga poika kadontho ka penti yamafuta n'kukakokera pansi ndi bulashi yonyowa ndi thinasi, molunjika kumene mvula ikanatsikira. Sukulu yanga pa zimenezi ndi malata a magolosale a pa Migowi, ngolo za ng'ombe ndi njinga za kabaza, ndipo ndimatha kuima nthawi yaitali ndikuyang'ana chitseko cha lole yakale. Pa chitsulo pamene manja kapena nsapato zimakhudza tsiku ndi tsiku dzimbiri silimera. Pamakhala posalala, pong'anima. Pamenepo ndimapakapo pensulo n'kupukuta ndi chala. Pamwamba pa njanji yoyendedwa pamawala chimodzimodzi, pamene yosiyidwa imachita dzimbiri mpaka pamwamba, ndipo pa thabwa langa ndinasiya chigawo china chili chotero, kusonyeza kumene sitima sinafike kwa zaka.

Fumbi la m'masitolo a ku Johannesburg limagulitsidwa m'timabotolo, koma kuno tili nalo laulere. Amene anandisonyeza kokumba ndi amayi oyandikana nawo nyumba, odziwa dothi lozirira: kumene kuli katondo wofiira kwambiri, kumene kuli lotuwa, kumene makande ake ndi osalala. Dothilo ndimaliyanika, n'kulipera, n'kulisefa pa nsalu yopyapyala, chifukwa kamchenga kamene m'manja sikamveka, pa muyezo wa 1:72 ndi mwala woti munthu apunthwe nawo. Mwaye wa padenga la injini ndimapala kunsi kwa poto. Thope la ku Entre Lagos ndi makande a m'mbali mwa Chilwa, mbali ino ya nyanja yomweyo, osakaniza ndi guluu pang'ono. Ndinaika lotuwa m'munsi, m'matayala ndi m'zitsulo za pansi, ndipo lofiira ndinaliwaza pamwamba pake, popeza sitima yochokera ku Malawi inkayamba kudutsa kudambo.

Nditamaliza bogi la asilikali ndinabwerera nalo kwa atsibweni. Analiyang'ana nthawi yaitali, anagwedeza mutu pa chizindikiro cha mbaula, anakhudza kawaya ka masokosi ndi chikhadabo. Kenaka analoza pansi pa bogilo, pafupi ndi chitseko.

"Apa pakhale poyera kuposa pena ponse. Tinakwechapo ndi mchenga ndi madzi."

Sindinafunse chimene ankachotsapo, ndipo iwo sanaonjezere. Ndinakafafaniza fumbi pa malo aang'ono amenewo n'kupakapo mtundu wa thabwa lotsukidwa. Alendo sapaona, ndipo amene apaona amayesa kuti ndinaiwala kupadetsa. Pa kasitima konse, amenewo ndiwo malo amene ndinawapenta manja akunjenjemera.

Panatsala a mbali inayo. Masewero safuna gulu limodzi, ndipo m'thumba langa munali tiasilikali tokwanira kupanga obisala m'tchire. Apa mpamene mayi wina wa m'mudzi mwathu, amene anabwera ali mtsikana mu 1986 n'kudzakwatiwa konkuno, anandiimitsa. Anaona tiasilikali tovala majombo ndi zipewa zachitsulo n'kunena kuti a Matsanga amene iye anawaona sanali otero. Ambiri ankayenda opanda nsapato, atavala zolanda, wina malaya a sukulu, wina chikhoti cha mayi. Ndipo si onse anali akuluakulu. Mlongo wake anatengedwa ali mnyamata wosatha msinkhu, akuchokera kumunda, ndipo sanaonekenso. Zimene ananenazo zikugwirizana ndi zimene Robert Gersony analemba mu 1988 mu lipoti lake ku boma la America, atacheza ndi othawa nkhondo m'maiko angapo kuphatikizapo Malawi: kuphedwa kwa anthu wamba, kuotchedwa kwa midzi, anthu kugwidwa kuti asenze katundu mokakamizidwa.

Ndinatenga mpeni ndi tupa. Majombo ndinawapala mpaka kuoneka zala, zipewa ndinadula, zovala ndinapaka mitundu yosiyanasiyana yosuluka. Tina ndinatidula m'miyendo n'kutilumikizanso kuti tifupike. Sikuti ndikuchepetsa zimene gulu limenelo linachita. Anthu a m'malire muno anaziona ndi maso, ndipo ena ali ndi zipsera zake mpaka lero. Koma kamsilikali kofupika kopanda nsapato kakaima m'tchire la pa thebulo, woponya dayisi amadziwa kuti akulozetsa mfuti kwa ndani.

Timasewera pakhonde Loweruka masana, ine, mnzanga wina wophunzitsa ku sekondale, ndi anyamata ndi atsikana angapo a m'makalasi ake. Malamulo tinalemba tokha. Wa sitima sapambana chifukwa chopha ambiri. Amapambana sitima ikafika ndi katundu wake, feteleza, mchere ndi mafuta, dzuwa lisanalowe. Njanji ikapezeka yozulidwa, sitima imaima, okonza amatsika, ndipo asilikali ayenera kuwatchinjiriza mpaka ntchito ithe. Wa m'tchire amapambana akaichedwetsa. Achinyamatawa amazindikira msanga kuti mbali yaikulu ya masewerowa ndi kudikira, ndiponso kuti munthu wofunika kwambiri pa thebulo ndi wonyamula sipanala, amene alibe mfuti.

Alipo amene anandiuza maso ndi maso kuti kusewera ndi nkhondo imene anthu anafera, abale awo akadali moyo, ndi chipongwe. Mawu amenewo sindiwataya. Atsibweni sanabwerepo kudzaonera masewerowa, ndipo sindinawaitanepo. Kupenta amandithandiza, koma dayisi ndi nkhani ina. Chiyembekezo cha Wells nachonso ndimachiona kuti chinali chachikulu kuposa chimene thebulo lingathe. Dayisi siliphunzitsa ululu. Likagwa moipa, munthu amangotola bogi n'kuliika pambali, ndipo Loweruka linalo limabwereranso lili bwinobwino. Masewero paokha angathe kuzoloweretsa mwana kuwerenga anthu ngati manambala, ndipo ndaonapo pa intaneti matebulo okongola a nkhondo za ku Africa opangidwa ndi anthu amene midzi yotenthedwa amaiona ngati chokometsera malo.

Chimene ndimadalira ndi bulashi. Lamulo limodzi lokha ndilo sindisintha pakhonde panga: palibe amene amayendetsa chinthu chimene sanapente yekha. Ndipo sungapente usanafunse. Mtsikana wina anapatsidwa bogi la anthu okwera, ndipo pofuna kudziwa mitolo imene ankanyamula, anakafunsa agogo ake, amene anamuuza ulendo wawo wonse wochokera kutsidya kwa malire, zimene mdzukuluyo anali asanamvepo chibadwire. Mnyamata wina anatha masabata akupenta injini, ndipo tsiku limene inagunda bomba pa thebulo anakhala chete mpaka masewero kutha. Mabuku a kusukulu amatchula nkhondo ya ku Mozambique m'mizere yowerengeka. Amene anaiona ali m'midzi yathu momwemu, ku Chiringa, kwa Nazombe, kwa Nkhulambe, akukalamba, ndipo ambiri sadzaikamba pokhapokha wina abwere ndi funso laling'ono lokwanira kuliyankha.

Njanji ija lero ikugwira ntchito. Sitima zazitali za malasha zochokera ku Moatize zimadutsa ku Nkaya, ku Liwonde ndi ku Nayuchi pa ulendo wa makilomita 912 wopita ku doko la Nacala-a-Velha, ndipo fumbi la pa mabogi ake ndi lakuda. Achinyamata anga amafuna kuti tidzapangenso imeneyo, ndipo tidzaipanga. Koma pa thabwa lathu pakusowabe gulu limodzi. Okonza njanji tikuwaimiritsa ndi tiasilikali tochotsedwa mfuti, topakidwa mtundu wongoganizira, ndipo zimenezo sizikundikhutiritsa, chifukwa anthu amenewo ndiwo ankatsika poyamba n'kugwada pa njanji misana ili kutchire. Atsibweni amakumbukira kulimba mtima kwawo, koma zovala zawo ndi kangolo kawo kokankha pa njanji sakuzikumbukira bwino. Mnzanga wa kusekondale uja wamva za bambo wina wopuma ntchito ya njanji amene amakhala ku Liwonde. Sukulu ikatsekera tikwera minibasi kudzera ku Zomba, ife awiri ndi ana awiri amene adzapente gululo, titanyamula kangolo kopaka penti yapansi yokha ndi timapepala ta mitundu toti bamboyo akaloze.